Galimoto Yolira Mwini Wake

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Ndikalira, mundipirire.

Ambiri a inu munabwera ku Jenala kudzaika amuna anga m'manda. Anandisiyira ana ndi kagalimoto kaja ankanyamulira anthu. Mukudziwa mwambo wathu, katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka akuchimuna adzasudzule. Ndiye galimoto inangokhala m'chisakasa chomwe timasungiramo nandolo, dzinja lonse.

Tsiku losudzula, alamu anga, akulu awo a malemu, anailiza. Mayo ine! Phazi silinaponde moto, koma injini ikungobangula ngati ikukwera phiri. Anazimitsa, kulizanso, chimodzimodzi. Alamu anatsika n'kundiloza chala anthu akuona. "Mwaimva? Ikulira mwini wake. Mlamu, m'bale wathu munamutani?"

Ine, abale anga! Ine amene ndinkagona pasimenti kuchipatala, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala! Ndikafika pamjigo, amayi nkhani zii. Mwana wanga wamkazi anachoka kusukulu akulira. "Amayi, akuti munapha ababa?" Ndinkangoti Ambuye, ndiyankhireni ndinu, ine pakamwa pauma.

Ndinaitana makaniko wa kuboma, ndinati alamu akhalepo, aone okha. Makanikoyo anayang'ana chingwe cha moto ngati chakakamira, ayi, chili bwino. Anatsuka polowera mpweya, munali mwaye ndithu, koma atailiza, kubangula komweko. Mtima wanga unasweka. Alamu akungogwedeza mutu.

Kenaka bambo uja anatchera khutu pansi pa boneti. Anapisa dzanja kuseri kwa injini, n'kutseka ndi chala kapaipi kena ka labala. Abale, injini inatsika pompo! Atachotsa chala, inakuwanso.

"Makoswe awa, mayi," anatero. "Aboola kapaipi aka. Injini ikukoka mpweya wakuba, kompyuta yake n'kumawonjezera mafuta. Kukuwa konseku n'komweko." Anasolola chisa cha makoswe, makoko a nandolo okhaokha.

Makoswe, abale! Dzina langa linada chifukwa cha makoswe. Alamu anati, "Pepani, mlamu." Ananena chapansipansi, koma ana anga anamva.

Makaniko ataika kapaipi katsopano, injini inayamba kulira mofatsa, monga inkalirira amuna anga akaima pakhomo asanazimitse. Chitsiriza wanga ankasewera kuseri kwa nyumba. Anatulukira ali liwiro, akukuwa, "Ababa abwera! Ababa abwera!" Anatsegula chitseko cha dalaivala. Munalibe munthu. Ndinakhala pansi padothi pomwepo, kulira kuposa tsiku la maliro.

Misozi sinaume, sindinama pamaso pa Mulungu. Koma chitonzo wandichotsera, ana anga sadzakula akutchedwa ana a mfiti. Zikomo Yesu, zikomo Ambuye wanga. Kondwerani nane, abale. Amayi, yambitsani nyimbo inuyo, ine mawu akukanika kutuluka. Ameni.