Ndinalengeza maliro a munthu wamoyo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a pachilumba pano ndi inu amene mumawerenga tsamba lino muli kutali, landirani moni wochokera ku Khuyu pa Likoma. Nthawi zonse ndimakulemberani nkhani za anthu ena, koma lero ndiloleni ndilembe yanga. Ine Petro, amene mumanditcha Wazithunzi, ndinalengeza maliro a munthu wamoyo, munthuyo n'kudwaladi mwakayakaya. Chibadwire sindinachitepo mantha ngati amene ndinachita masiku amenewo.

Kwa amene simundidziwa, ndili ndi kashopu ku Chipyela pafupi ndi msika, komwe ndimatchaja mafoni ndi kujambula zithunzi. Laputopu yanga ndinaipeza kwa mphunzitsi wina amene ankabwerera kumtunda, ndipo ndi yemweyo anandionetsa kuti pa intaneti pali zinthu zambiri zaulere. Anandiikira pulogalamu yokonzera zithunzi, nanditsegulira imelo ndi blogu ino, zonse osalipira. Inu mukudziwa kuti pa Likoma pano banja lililonse lili ndi wake ku Joni kapena ku Zimbabwe. Choncho ndinayamba kulemba za maukwati, ubatizo ndi maliro, ndipo ndikangodina batani, uthenga unkapita wokha ku imelo ya aliyense amene analembetsa. Sindinama, ndinkadzimva ngati wailesi, mapewa ali m'mwamba.

Tsiku lina m'nyengo ya mwera kunamveka kuti a Barnaba Malenga a ku Yofu atisiya. Ndinayenda wapansi kupita kusiwa, ndipo achibale anandipempha kuti ndidziwitse a kunja. Nditapempha chithunzi, mayi wina anatuluka m'nyumba ya maliro ndi chithunzi chakale cha mufelemu, chokhacho chimene chinalipo. Panali anyamata awiri ataima m'situdiyo ya ku Joni, a Barnaba ndi mng'ono wawo a Yohane, ofanana ngati anabadwa tsiku limodzi. Mmodzi anali atapinda mkono wa jekete kuti wotchi ionekere bwino.

Wotchi imeneyo panalibe wosaidziwa pachilumba pano. A Barnaba anaivala moyo wawo wonse, ndipo podikira sitima ankauza anthu nthawi ngakhale asanafunsidwe. Ngakhale itasiya kuyenda sanaivule. Ine nditangoona wotchiyo ndinati basi, malemu ndi awa. Namfedwa anali m'kati pakati pa amayi akulira, ndipo mwamuna sungalowe m'menemo n'chithunzi m'manja kukafunsa kuti amuna anu ndi ati. Akuluakulu anati kufunsa n'kudziwa njira, koma ine ndinkadziona ngati njira ndikuidziwa kale.

Ndinathamangira ku shopu, n'kuika chithunzicho pa sikana. Ndi pulogalamu yanga ija ndinadula wopanda wotchiyo n'kumutaya, wa wotchi ndinamuchotsa madontho a nkhungu, nkhope n'kuwala ngati wajambulidwa dzulo. Pansi pake ndinalemba kuti bambo Malenga a ku Yofu atisiya. Dzina loyamba sindinaike, pajatu kwathu kuno mwana satchula munthu wamkulu dzina lake ngati mnzake wosewera naye. Ndinadina batani n'kutseka shopu, mtima uli mbee.

Mawa lake titangoika maliro, anthu tidakali pabwalo, foni ya mayi a kunyumba kwa a Yohane inalira. Mayiwo anali kutali ndi foniyo, ndiye anayankha ndi a Yohane eni ake. Kunali mdzukulu wawo wa ku Joni, akulira mokweza moti tonse tinkamva, akupepesa kuti agogo a Yohane apita, waona chithunzi chawo pa blogu ya Petro, chomwe chija chili pakhoma kwa amayi ake.

"Iwe, wafa nani?" anakuwa a Yohane. "Ukulankhula ni ine mwini wake!"

Ena anayamba kuseka, koma kusekako sikunapite patali. A Yohane anakhala pansi, n'kuyang'ana kumanda kumene tinali titangosiya mkulu wawo. Maso onse anatembenukira kwa ine. Apa m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Ndinali nditadula wakufa n'kusunga wamoyo.

Ndinathamanga ulendo wonse wa ku Chipyela kuti ndikafufute, koma ndinapeza magetsi atazima. Atabwera anabwera ndi mphamvu, chaja ya laputopu n'kupsa, fungo lokhalokha m'shopu. Foni yanga ndi kaja ka mabatani, ndipo pasiwedi ya blogu ndinali nditaiiwala kalekale chifukwa laputopu inkangondilowetsa yokha. Netiweki nayo inkabwera n'kuthawa chifukwa cha mphepo. Chithunzi chija chinangokhala pamenepo, dziko lonse likuchiona, ine manja ali m'khosi.

Kenaka kunabwera uthenga umene ndinkauopa. A Yohane anagwa ali m'dimba, ndipo anawanyamula kupita nawo kuchipatala ku Chipyela. Thupi linali moto, chakudya ankakana, kulankhula anasiya. Ankangoyang'ana kukhoma ngati munthu amene wavomera kale ulendo.

Abale anga, pakamwa pa anthu mpoopsa. Kunayamba kumveka kuti Petro anaona imfa ya a Yohane m'kompyuta mwake, ena n'kumati sanaione koma anaiitana. Amene ankabweretsa mafoni kudzatchaja anayamba kudutsa shopu yanga akuyang'ana kumbali. Mayi wina anabwera kudzatenga chithunzi cha mwana wake, n'kundiuza kuti ndichotse nkhope ya mwanayo m'makina mwanga iye akuona. Mkazi wanga akafika kumjigo, nkhani zinkatha. Tsiku lina masana mphwake wa a Yohane, bambo wa mphamvu zake amene amapalasa ngalawa, anaima pakhomo la shopu.

"Iwe ndiwe mundu wa mtundu wanji?" anatero. "Amalume akangotisiya, usagone pa Likoma pano."

Tsono pachilumba munthu ungathawire kuti? Kumtunda munthu amakwera minibasi n'kuzimiririka, koma kuno ukayenda pang'ono wakumana ndi madzi, ndipo sitima imabwera tsiku lake lokha. Ndikamva mayi akuitana mwana mokweza, ndinkaganiza kuti ndi mfuu ya maliro. Belu la kutchalitchi likalira ndinkasiya chimene ndagwira n'kumamvetsera ngati ndi la mapemphero kapena la imfa. Choipa kwambiri n'chakuti inenso ndinayamba kudzikayikira. Ndinkayang'ana chala chimene chinadina batani lija n'kumadzifunsa ngati si ine ndawapha madala aja.

M'mawa wina ndinalowa m'tchalitchi chachikulu cha ku Chipyela muli zii, n'kugwada kumbuyo kwenikweni. Mawu okongola ndinalibe. Ndinangoti, Ambuye, shopu itengeni, dzina langa liipe, koma a Yohane asafe ndi chithunzi changa. Ndinabwereza mawu omwewo mpaka mawondo anachita dzanzi, ndipo ndinatuluka ndili ndi mantha omwe aja.

Pobwerera, pakhomo la chipatala ndinakumana ndi a Jafali, adokotala ochokera ku Mangochi, Msilamu wosaphonya Lachisanu. Ndiwo ankasamalira a Yohane, ndipo nkhani yanga anali ataimva monga wina aliyense. Ndinkayesa andizemba, koma anandigwira dzanja n'kundilowetsa mu ofesi yawo. Anandiuza kuti madala aja ali ndi malungo ndiponso magazi akuthamanga kwambiri, mankhwala akulandira, koma vuto ndi loti mtima wawo wagwa ndipo sakudya. Kenaka anandikhazika pa kompyuta yawo.

"Blogu yanu ili pa intaneti, a Petro, sinapse ndi chaja," anatero. "Nambala imene munalembetsa ndi ya foni imeneyi? Dikirani uthenga."

Kafoni kanga ka mabatani kanalira, tinalemba manambala amene anabwera, tsamba n'kutseguka. Ndinachotsa chithunzi chija, n'kulemba kuti amene anatisiya ndi a Barnaba, a Yohane ali moyo, wolakwa ndine. Ndinathokoza Mulungu amene ananditumizira thandizo kudzera mwa munthu wa ku mzikiti. Komabe madzi akatayika saoleka. Uthenga wokonza unapita, koma a Yohane anali chigonere.

Tsiku la sitima litafika ndinapita kudoko ndi kachikwama, kamera ili m'khosi. Mkazi wanga ndinamuuza kuti ndikukagula chaja ku Nkhata Bay, koma tonse awiri tinkadziwa kuti ndikuthawa. Anthu akutsika, ndinaona mayi wina wovala zakuda, duku lakuda, maso otupa. Ataona kamera yanga anabwera n'kutulutsa pepala m'chikwama. Chinali chithunzi chija, chodula ine, chowalitsa ine.

"Pepani, ndinu a Petro a blogu?" anafunsa, Chinyanja chake chikumveka kuti chinakhalitsa kunja. "Ine ndine Agnesi, mwana wa a Yohane Malenga. Ndachokera ku Bulawayo. Mundiperekeze kumene mwawaika bambo anga."

Agnesi ameneyu ndinkangomumvera m'nkhani. Anakwatiwa ku Zimbabwe bambo ake asakufuna, panalankhulidwa mawu olemera, ndipo kuyambira pamenepo sanapondenso pa Likoma. Nambala ya aliyense wa kwawo analibe. Koma blogu yanga ankaiwerenga mwakachetechete, ndipo uthenga wokonza uja unafika iye ali kale m'basi. Ndinagwada pamchenga pomwepo anthu akuona.

"Mayi, ndikhululukireni," ndinatero. "Bambo anu sanafe. Ali m'chipatala umo, koma sakudya."

Ndinayembekeza mbama. M'malo mwake anataya chikwama n'kuyamba kuthamanga, ine pambuyo nditanyamula katundu wake ndi wanga yemwe. Sitima ndinaiiwala. Nditafika ndinaima pakhomo la wodi, sindinayerekeze kulowa. Ndinaona Agnesi atagwada pambali pa bedi akuitana kuti baba, baba. A Yohane anatembenuka kuchoka kukhoma kuja, n'kumuyang'anitsitsa.

"Agnesi," anatero ndi mawu otsika. "Zakudazi wavalira nani?"

Analira onse awiri, mayi a kunyumba nawo n'kulira, ine pakhomo chimodzimodzi. Madzulo a tsiku lomwelo a Yohane anamwa phala kuchokera m'manja mwa mwana wawo. A Jafali anandipeza panja n'kungondigwedezera mutu akumwetulira.

Atatuluka m'chipatala, banja linandiitanitsa ku Yofu. Ndinapita ndi mantha, chifukwa mphwake uja ankafunabe kuti shopu yanga itsekedwe. Analankhula zambiri, ndipo zina mwa izo zinali zoona. A Yohane anamusiya mpaka anamaliza, kenaka anaitanitsa chithunzi cha mufelemu chija.

"Wotchi iyi ninabwereka kwa achimwene siku lomwelo," anatero. "Chithunzi chimabwera kuno kwa amake a Agnesi, nimafuna aniyese mundu wolemera kuti anilole. Ninanama ni wotchi ya eni, yanigwira nili nkhalamba." Anthu anaseka, mayi a kunyumba n'kubisa nkhope m'chitenje. Kenaka madala aja analoza Agnesi. "Mwana uyu ninamuitana nili moyo, sanabwere. Wamuitana Petro nili wakufa, wabwera. Musiyeni mnyamatayu."

Nkhani inathera pomwepo. Sindikunena kuti kulakwa kwanga kunali kwabwino, ayi. Ndinapweteka banja limene linali kale pachisoni, ndipo a Barnaba anaikidwa m'manda chithunzi chawo chili chotayidwa ndi ine. Ndinakapepesa kwa namfedwa, ndipo tsopano sindilengeza maliro ndisanaonetse chithunzi kwa mwini nyumba ndi kulemba dzina lonse, ulemu kapena ayi. Zipangizo zaulerezi ndi zabwino, zimatilumikiza ndi abale athu, koma batani likadinidwa silifunsa ngati waganiza bwino.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wamantha, natenga kulakwa kwanga n'kubweza nako mwana kwa bambo ake. Ndikuthokoza a Jafali, ndi mkazi wanga amene anapirira kumjigo. Inu amene mwagwidwa ndi mantha lero, amene mukuona ngati madzi akuzingani mbali zonse, musaleke kugwada, ngakhale mawu akhale ochepa ngati anga aja. Ine yankho langa linatsika m'sitima yomwe ndinkafuna kuthawira.

Chithunzi chili pansipa ndajambula sabata yatha ku Yofu, ndipo eni ake achiona n'kuvomereza. Mayiyo ndi Agnesi. Bambo amene akuseka pambali pake, mkono wopanda wotchi, dzina lawo ndi a Yohane Malenga, ndipo ali moyo.