Dzina la Mkazi Wina pa Pepala la Mwamuna Wanga

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, makamaka inu akazi a asilikali ndi inu abambo amene munavula kale yunifolomu. Ine ndine Esinati, kwathu ndi ku Dowa, koma imvi zandimerera kuno kum'mwera kwa Mzimba. Ndikufuna ndikuuzeni za mwezi umene ndinatsala pang'ono kulandidwa ana anga atatu, ndi mmene Mulungu anandipulumutsira kudzera mwa munthu amene ndinkamuopa kuposa manda.

Mwamuna wanga Layitoni anali msilikali kwa zaka zambiri. Tinakumana iye ali wamkulu kale, ine ndili kamtsikana kogulitsa zitumbuwa kunja kwa kampu. Atapuma usilikali anapeza ntchito ku nkhalango ya paini ku Chikangawa, yokhala pa nsanja n'kumayang'ana ngati kwabuka moto. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankasunga khadi m'thumba ndi mawu m'kamwa, ndipo Layitoni kusunga mawuko anapitirira nako muyeso. Ukamufunsa za moyo wake wakale ankangoti zinapita zimenezo, n'kupitiriza kupolisha nsapato zake.

Chinthu chimodzi chokha ndiye anandiuza. Ali ku kampu, anthu a inshuwalansi ankabwera tsiku la malipiro. Anzake ambiri ankasankha ija yoti udzalandire wekha pakatha zaka, koma iye anasankha yotuluka mwini wake akamwalira, ndipo ankamuseka kuti akuitana imfa ndi cholembera. Atapuma ntchito anapitiriza kulipira kuchokera pa penshoni. Pepala lake linkakhala pansi pa bokosi la malata, ndipo ankangonena kuti ana sadzavutika. Ine Chingerezi changa n'cha pa msika, choncho sindinalitsegulepo.

Anamwalira Lachiwiri, m'nyengo yozizira. Amene munakhalako ku Chikangawa mukuidziwa nkhungu ya kumeneko, yoti masana enieni munthu umamumva mapazi osamuona. Anzake anamupeza chakumasana atakhala pansi pa nsanja, atatsamira mtengo, chipewa chili pa bondo, ngati akudikira galimoto. Sanadwale ngakhale chimfine. Maso anali otsegula, atayang'ana kum'mwera, ndipo amene anamutseka anandiuza kuti anachita kubwereza kawiri.

Tinakamuika kwawo, kuseri kwa Embangweni. Maliro atatha, mkulu wake, alamu anga a Zondiwe, anandikhazika pansi pamaso pa abale. Kunotu si kwathu ku Dowa kumene ana ndi a kuchikazi. Kuno ng'ombe za malowolo zikaperekedwa, ana ndi a kuchimuna, ndipo zanga zinaperekedwa. Anandipatsa njira ziwiri: ndilowe m'nyumba mwawo ngati mkazi wachitatu, kapena ndibwerere kwathu ndekha. Anali atawagawa kale anawo ngati nyama ya pa chikondwerero. Mwana woyamba, Yotamu, azikaweta ng'ombe zawo, Mesi apite kwa azakhali ake kutsidya la malire, ndipo wamng'ono, Tiyezge, ndimusiye akangoleka kuyamwa. Anandipatsa mwezi umodzi kuti ndiganize.

Sindinalire pamaso pawo. Mumtima ndinkati dikirani, ndili ndi pepala, ndikamanga nyumba pa malo a mwamuna wanga ndione amene adzandichotse. Ndinabwerera ku Chikangawa, ndinatenga pepalalo, n'kukwera lole ya matabwa mpaka pa Boma. Kalaliki wa inshuwalansi ankabwera kamodzi pa mwezi, n'kukhala m'kachipinda kuseri kwa sitolo ina. Anawerenga pepalalo, anandiyang'ana, anawerenganso.

"Mayi, ndinu Elizabeti Moyo?"

Ndinati ayi. Anati ndiye kuti palibe chimene angandichitire, chifukwa wolandira ndi amene dzina lake linalembedwa, kaya pali ukwati wa ku tchalitchi kaya pali ana khumi. Kenaka anatsitsa mawu n'kundiuza kuti Layitoni amamukumbukira. Mwezi wathawo anabwera kudzapempha fomu yosinthira dzina, anakhala nayo pa benchi kuyambira m'mawa mpaka nthawi yotseka, n'kuibweza yosalemba kanthu.

Abale anga, ndinakwiya. Ndinatuluka panja n'kumamunyoza munthu wakufa mokweza, anthu a pa msika n'kumandipatuka. Zaka khumi ndi chimodzi ndikumuchapira masokosi onunkha aja, iye akulipirira mkazi wina! Ndinafunsa mayi wina wa kumudzi kwa Layitoni amene ankagulitsa nyemba pomwepo, ndipo atamva dzinalo analavula pansi. Anati ameneyo ndi NyaMoyo, mkazi woyamba wa Layitoni, amene abale anamubweza kwawo chifukwa sanabereke. Makolo ake anamwalira, abale ake anasamuka, iye anatsala yekha pa bwinja pafupi ndi malire. Anati amalankhula ndi anthu osaoneka, ndipo mwana amene wamugwira pamutu sakula. Anandilangiza kuti ndisapiteko, makamaka ndi khanda.

Masabata awiri ndinakhala m'nyumba ya ku Chikangawa ngati munthu wolodzedwa. Nyumbayo inali ya ku ntchito, ndipo wolowamo wina anali atabwera kale kudzayeza mawindo. M'mawa uliwonse nkhungu inkafika mpaka pakhomo, mitengo n'kumadontha madzi popanda mvula. Kawiri konse ndinamva nsapato zolemera zikubwera m'kanjira ka ku nsanja, n'kuima pa khonde, koma potsegula panalibe munthu. Yotamu anasiya kudya. Tsiku lina ndinamupeza akuphunzitsa Mesi kulemba dzina la mudzi wathu wa ku Dowa, kuti akadzakula adzandifunefune. Apo m'pamene ndinagwada pa simenti yozizira ija. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, "Ambuye, mwanditengera mwamuna, mukufunanso ana? Ngati ayi, ndionetseni khomo, ngakhale likhale la mfiti, ndilowa."

Nditadzuka pamenepo mtima unangondiuza kuti khomo lake ndalitchula ndekha. Ndinasiya ana awiriwo kwa mnansi, ndinabereka Tiyezge, n'kukwera basi ya ku Embangweni. Kuchokera pa misheni ya kumeneko ndinayenda wapansi theka la tsiku. Aliyense amene ndinkamufunsa njira ankaloza ndi mlomo, osafuna kutchula dzina. Minda inatha, njira inasanduka kanjira ka mbuzi, ndipo ndinafika pa mudzi wa nyumba zisanu ndi imodzi zogumuka, udzu utamera m'kati. Kunalibe galu kapena nkhuku, ngakhale mbalame sinkalira. Koma bwalo lonse, mpaka pamakomo a mabwinja aja, linali losesedwa mwaukhondo, mizere ya tsache ikuoneka.

Pa nyumba yomaliza panali mayi wamtali, woonda, wa tsitsi loyera. Anali atayala mphasa, ataikapo makapu awiri, madzi akuwira pa moto. Ndisanatsegule pakamwa anandipatsa moni m'Chitumbuka.

"Monire, mama. Mwachedwa chomene. Tsitsani Tiyezge apume, wapsa ndi dzuwa."

Dzina la mwana wanga analidziwa bwanji? Ndinakhala pansi chifukwa kuthawa sindikanatha, koma mwana sindinamutsitse. Anandiuza kuti Layitoni anabwera. Anaima pa mpanda paja dzuwa lili pamutu, jekete lake litanyowa chonsecho kunja kunali ng'amba, ndipo anakana kulowa. Anatchula ana atatu mayina, mmodzi mmodzi, n'kunena kuti mayi wawo adzabwera. Mayiyo atalowa kukatenga mpando, potuluka anapeza palibe munthu. Ndinafunsa kuti linali tsiku liti, ngakhale yankho ndinkalidziwa. Anati Lachiwiri, masabata anayi apitawo.

Musandifunse kuti chinali chiyani, ine si m'busa. Mwina analota masana, pakuti munthu wokhala yekha amaona zambiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti uthenga wa maliro palibe anamutumizira, ndipo nditamuuza kuti Layitoni tinamuika, sanadzidzimuke. Anangovula mpango kumutu n'kuuika pa miyendo, misozi n'kumatsika popanda mawu.

Ndinatulutsa pepala lija, ndinafotokoza zonse, za kalaliki ndi za a Zondiwe. Ndinali nditakonzekera kugwada kuti andigawireko pang'ono. Iye pepalalo sanaliyang'ane n'komwe. Anandifunsa ngati ndinamvapo kuti ng'ombe zimene anamulowolera zinabwezedwa. Ndinati sindikudziwa. Anati sizinabwezedwe. Abale atamubweza kwawo ankafuna ng'ombe zawo, koma Layitoni anakana, ndipo kuno ukwati sutha ng'ombe zisanabwerere. Zaka zonsezo, iye anali akadali mkazi wamkulu wa nyumba ija, ngakhale aliyense ankachita ngati anafa.

M'mawa mwake anavala diresi lake la ku tchalitchi lonunkha bokosi, tinayenda limodzi mpaka kumudzi kwa Layitoni. Akazi atationa patali analowetsa ana m'nyumba. A Zondiwe, amene kwa ine ankalankhula ngati mkango, anayamba kufunafuna fodya m'matumba onse. Abale atasonkhana, NyaMoyo anaika pepala pa mphasa n'kulankhula osakweza mawu.

"Alamu, ng'ombe zanu munazitenga kwa adada?"

"Yayi," anayankha a Zondiwe, akuyang'ana pansi.

"Mbwenu, ndiye kuti nyumba ya Layitoni sinafe. Ine ndilipo, mng'ono wanga uyu alipo, ana alipo. Dzina langa pa pepala ili analemba ndi mwini wake, ndipo sanalifafanize mpaka kufa. Ana a nyumba yanga sagawidwa ine ndili moyo. Tikhala pa malo ake, ndipo wofuna kuwatenga abwere adzawatenge m'manja mwanga."

Akuluakulu anayang'anizana, mmodzi anati mwambo ukutero ndithu. Koma ndikuuzeni zoona, si mwambo wokha umene unawatseka pakamwa. Mbiri ya ufiti ija anaifalitsa ndi iwo omwe kuti kumuthamangitsa kuoneke koyenera, ndipo ataibwereza zaka zambiri anayamba kuikhulupirira okha. Panalibe mwamuna wolimba mtima woti akatenge mwana m'manja amenewo. Choipa chitsata mwini. Nkhani yoti ndilowe m'nyumba mwa alamu sinamvekenso.

Mwezi wotsatira tinapita tonse pa Boma, NyaMoyo anadinda chala pamaso pa kalaliki uja. Ndalama zitatuluka tinamanga nyumba ya malata pa malo a Layitoni, zotsala zinapita ku sukulu. Sindinena kuti tinkakhala ngati angelo. Iye ankati ndimathira mchere wambiri, ine ndinkati amasesa ngati kukubwera Ngwazi. Ndipo miyezi yoyamba ndinkagona nditamukumbatira Tiyezge, mawu a mayi wa nyemba uja akundilira m'makutu. Iye anazindikira, ndipo sanamugwire mwanayo mpaka tsiku limene anadzikwawira yekha n'kukwera pa miyendo pake. Tiyezge yemweyo lero ndi wamtali kuposa chitseko.

Tsiku lina tikupala chinangwa ndinamufunsa kuti ndidzamubwezera chiyani, pakuti akanatha kutenga zonse n'kupita, ndipo lamulo likanamuikira kumbuyo. Anati chimene chinkamuopsa pa bwinja paja sichinali njala kapena afisi, koma kuti adzafa popanda womulira, anthu n'kudzadziwa ndi fungo. Anati, "Ndapota, mng'ono wanga, ndikadzapita, ana awa adzanene kuti amama."

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa lamwano lija. Layitoni ndinamukhululukira, ngakhale ndikadali ndi mawu awiri atatu oti ndikamuuze tikakakumana. Ndimaganiza kuti tsiku lija pa benchi anaona kuti akalemba dzina langa, ndalama ndidzalandira koma ana adzandilanda, pakuti mlendo wa ku Dowa alibe mawu pa bwalo la kuno. Komabe inu abambo a yunifolomu, musatengere zimenezo. Tsegulani mabokosi anu, muwerengere akazi anu dzina limene lili pa pepala mukadali ndi mpweya, chifukwa si onse amene adzapeze munthu ngati amene ndinamupeza ine. Ndipo iwe mlongo wanga amene watsekeredwa mbali zonse, usaleke kupemphera, ndipo khomo limene ukuliopalo ugogode.

NyaMoyo anakhala nafe zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anamwalira pa mphasa yake, mutu uli pa miyendo ya Mesi. Pa maliro ake mudzi wonse unabwera, ndi omwe ankabisa ana aja, ndipo mlaliki atafunsa kuti malemu asiya ana angati, ena anayamba kunong'ona kuti analibe. Yotamu anaimirira, Mesi anaimirira, Tiyezge anaimirira. Yotamu anati, "Atatu."