Kuphunzitsa Mkamwini Kukana

Loweruka lina mu Okutobala wa 2006, m'holo ya lendi ku Barking mumzinda wa London, a Oswald Kamtedza, mkulu wa mpingo, ankakonzekeretsa sewero la Martin Luther, mmonke uja anakana kubweza mawu ake pamaso pa akuluakulu a tchalitchi. M'sewerolo iwo anali bishopu. Luther anali Walusungu, amene anali atatopa kudikira kukwatira Phoebe, mwana wa a Kamtedza, poti bambowo analamula kuti ukwati uyembekeze nyumba yawo ya ku Zomba ithe. Nyumbayo inali isanafike n'komwe pawindo.

"Tiyambe," anatero a Kamtedza, akukonza chipewa chawo cha katoni. "Iwe mmonke, bweza mawu ako!"

Walusungu anagwada, manja pachifuwa. "Ndabweza, bambo. Pepani."

"Zikomo kwambiri. Mwathetsa Chipulotesitanti chonse tisanafunde n'komwe. Basi, tiyeni tikagule makolona, tizipemphera ngati Akatolika."

"Ndaona sitolo yake ku Ilford, bambo. Pafupi ndi siteshoni."

"Dzukani. Kodi Luther ankagwada?"

"Bishopu wake sanali bambo a Phoebe."

"Pano sindine bambo a munthu. Ndine mdani wanu. Ndikati bwezani, inu muzikana. Tiyambenso. Bweza mawu ako!"

Walusungu anayang'ana pansi, thukuta lili kamukamu ngakhale hita inali yakufa. Munthu ungakanire bwanji apongozi maso ndi maso?

"Nkhani yaikulu chonchi, bambo, mwina idzere kwa ankhoswe."

"Eya, n'zimene zinachitikadi. Luther anatuma amalume ake kwa Papa, nkhuku ili m'khwapa."

"Papa analandira?"

A Kamtedza anatseka maso. Sitima ya pa njanji ya District inadutsa kuseri kwa holoyo, mawindo n'kunjenjemera.

"Bwanji gawoli atenge mnzathu Benjamin?" anapempha Walusungu. "Iye uja amakanira ngakhale kondakitala."

"Ine ndikasankha ndasankha. Ndinakanira boma lathunthu mpaka kuthawira kuno kozizira, ndiye ndigonje kwa inu? Tamverani. Osabwerera m'mbuyo. Ndikalipe, kanani. Ndivule chipewachi, kanani. Ngakhale ndinene kuti sewero latha, imeneyo ndi misampha ya bishopu. Mwamva?"

"Ngakhale munene kuti latha?"

"Makamaka pamenepo. Bweza mawu ako!"

"Ayi," anatero Walusungu, mawu ake ngati a mwana wa mphaka.

"Ha, Roma yense wagwa ndi mantha. Kwezani mawu."

"Ayi."

"Tikutentha pamoto."

"Tenthani. Sindibweza."

Walusungu anadabwa. Denga silinagwe. Mawuwo ankakoma m'kamwa ngati chimanga chootcha, ndipo anazindikira kuti chifikire ku London anali asanawalawepo.

"Mwayesako," anatero a Kamtedza, akuvula chipewa. "Za lero zakwana. Tsono za ukwati zija. Omanga aimba foni, akuti njerwa zasweka ndi mvula ya chizimalupsa. Mudikiranso chaka."

"Ayi."

"Mwati bwanji?"

"Ayi, bambo. Tikwatirana pa Pasaka."

"Sewero latha, a Walusungu."

"Munanena kuti mudzatero."

"Chipewa ndavula. Si ichi chili pampando?"

"Zimenezonso munanena."

"Mwana wanga akwatiwe alendo akafikire kuti? Pamulu wa mchenga?"

"Holo ino ilipo. Denga lili kale."

A Kamtedza anaimirira, chala chili m'mwamba. "Mnyamata iwe, ukuyankhula ndi mkulu wa mpingo. Bweza mawu amenewo msanga!"

"Mwayankhula bwino kwambiri pamenepo, bambo. Ngati bishopu weniweni." Walusungu anapinda manja, maso ali pa iwo. "Sindibweza."

A Kamtedza anayang'ana mnyamatayo, n'kuyang'ana chipewa cha katoni chija. Kenaka anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kuyamba kufufuza tikiti ya basi m'thumba la jekete.

"Sitolo ya makolona ija," anatero motsitsa mawu, "mwati ili pafupi ndi siteshoni?"