Tsiku limene ndinapana sipuling'i ndi diso limodzi

Moni abale ndi alongo anga mwa Ambuye, kulikonse kumene mawu awa akupezani. Dzina langa ndine Fabiano, koma kuno ku Chiradzulu, kufupi ndi Mauwa kumene ndinakwatira, anthu amanditchula kuti bambo a Melifa. Ndine makaniko wa diso limodzi. Ndikufuna ndikufotokozereni za mantha amene anandilanda ntchito ya manja anga, ndi za tsiku limene Mulungu anandibwezera ntchitoyo, moyo wa mwana wanga uli pangozi.

Zaka zoyambirira za matipate matola anachuluka m'misewu yathu, ndipo ambiri anali mapikapu otopa kale. Ine ndinkakonza galimoto pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi chigayo, ntchito osandisowa. Kwa inu amene simudziwa za injini, pamwamba pake pamakhala chitsulo cholemera chimene timati hedi. M'menemo muli mavalavu, amene amatsegula ndi kutseka polowera mpweya ndi potulukira utsi. Valavu iliyonse imakokedwa ndi sipuling'i yolimba kwambiri, ndipo chimene chimagwira zonsezo ndi tizitsulo tiwiri tating'ono ngati njere za chimanga, timene timati makoleti. Kuti uchotse valavu kapena kuibwezera, uyenera kupana sipuling'iyo kaye.

Ine chopanira ndinalibe, ndipo sindinkachifuna. Pochotsa ndinkaika soketi, sipanala ija yonga kapu, pamwamba n'kumenya ndi hamala kamodzi, makoleti n'kudumpha okha. Pobwezera ndinkakanikiza ndi sipanala, chifuwa chili pamwamba pa hedi. Ndinkanyada ndi liwiro langa. Kunali makaniko wina wachikulire, a Makawa, amene anagwirapo ntchito ku esiteti ya tiyi ku Thyolo. Iwo anandichenjeza kuti sipuling'i siseweretsedwa, koma ine ndinawaseka pagulu kuti amagwira ntchito ngati akusoka mphasa. Anamwalira chaka chotsatira ine ndisanawapepese.

Tsiku lina masana sipanala inaterereka. Sindinaone chilichonse, ndinangomva kulira kwa chitsulo ndi moto kumaso. Sipuling'i inandimenya diso lakumanzere. Kuchipatala anayesetsa, koma pomaliza adokotala anandiuza kuti disolo silidzaonanso, ndipo lotsalalo ndilisamale ngati dzira.

Bala linapola, koma ine sindinapole. Ndi diso limodzi sudziwa bwino kutalika kwa chinthu, moti ndinkathira tiyi pambali pa kapu ndipo ndinkaphonya nati ya bawuti ili pamaso panga. Choipa koposa chinali chakuti ndikangoona hedi yotsegula manja ankayamba kunjenjemera, kulira kuja n'kubwerera m'makutu. Ndinayamba kunamiza anthu kuti ndatanganidwa ndi kumunda, mpaka analeka kundifuna. Mkazi wanga Esinati ndiye anasenza banja ndi malonda a matimati ndi nandolo. Kutchalitchi ndinkakhala benchi yakumbuyo, milomo ikuyenda koma mtima uli gwa. Ndinkamufunsa Mulungu kuti anandisiyiranji manja ngati sangagwire kanthu.

Matola ankangodutsa nthawi ya chilimwe, koma kudera kwathu galimoto yokhala komweko inali imodzi yokha, pikapu ya dizilo ya Che Saidi, amene anali ndi golosale. Ndi imene inkanyamula odwala, maliro ndi feteleza. M'nyengo ya mvula mavalavu ake awiri anapsa. Dalaivala wawo anamasula hedi, Che Saidi anakagula mavalavu atsopano ndi gasiketi yoika pakati pa hedi ndi injini ku Limbe, koma makaniko wa m'tauni amene analonjeza kubwera sanabwere chifukwa cha matope. Che Saidi anafika kwanga katatu kudzandipempha, ndipo katatu konseko ndinawakana. Hedi ija inakhala pakhonde pawo masabata awiri itafunditsidwa thumba.

Nthawi imeneyo mwana wathu Melifa anali ndi pakati poyamba, ndipo anali kudikirira pa chipatala chaching'ono cha kwathu. Lachiwiri lina m'mawa ndikunola khasu, ndinaona Esinati akubwera chothamanga, mpango uli m'manja. Anandiuza kuti matenda ayamba, koma anamwino apeza kuti mwana wagona chopingasa ndipo pakufunika opaleshoni ku chipatala chachikulu cha mishoni. Ambulansi inali itapita ku Blantyre ndi odwala ena, ndipo pa wailesi ya mauthenga anayankha kuti ingafike madzulo. Anamwino anati madzulo ndi kutali. Panjinga sakanatha kukhala, ndipo pa machira m'matope amenewo ulendo ukanadya tsiku lonse.

Esinati anandiyang'ana nati, "Bambo a Melifa, galimoto ilipo imodzi, makaniko aliponso mmodzi. Ine sindinenanso zina."

Ndinatenga thumba la zitsulo zanga n'kuthamangira kwa Che Saidi. Iwo sanandikumbutse za kukana kwanga, anangovundukula hedi n'kuiika pabenchi. Ndinaika soketi pa sipuling'i, ndinakweza hamala, koma dzanja linakana kutsika. Nditadzikakamiza, ndinaphonya soketi n'kumenya m'mphepete mwa hedi. Ndinadziwa kuti ndikamenyanso chomwecho ndiswa hedi, ndipo ngakhale nditachotsa, kubwezera ndi sipanala ndi komwe kunandiphera diso.

Ndinasiya hamala n'kuzungulira kuseri kwa khola la mbuzi. Kumeneko ndinagwada m'matope. Mapemphero onse amene ndinaloweza kuyambira ubwana anandithawa, ndipo ndinangoti, "Ambuye, diso mwandisiyira limodzi. Ngati mukulifuna kuti mwana wanga akhale moyo, litengeni. Koma ndipatseni manja osanjenjemera." Sindinamve mawu alionse ondiyankha. Ndinadzuka manja akunjenjemerabe, ndikudziwa kuti ndikukayesanso basi.

Nditabwerera pakhonde ndinapeza mayi Makawa, mkazi wa malemu aja, akutula bokosi lachitsulo pamutu. Mayiwa ankagulitsa zitumbuwa pachigayo, ndipo nkhani ya Melifa anaimva kwa amayi anzawo pa mjigo. Aliyense ankadziwa kuti bokosi limenelo sankalola munthu kulikhudza, ndipo amakaniko angapo amene analifuna anawabweza. Manyazi anandigwira, chifukwa tsiku limene ndinaseka amuna awo iwo analipo. Koma iwo anangomasula kiyi pansonga ya chitenje n'kutsegula.

"Bambo ankati zopanira zilimo zitatu, ndipo chilichonse chili ndi injini yake," anatero. "Ine sindizidziwa. Sankhani nokha, bambo a Melifa."

Ndinazitulutsa n'kuziyala pabenchi. Choyamba chinali chaching'ono, cha zikhadabo ziwiri zokola sipuling'i m'mbali, ndi chopotokola ngati cha pampopi. Ndinachiyesa, koma injini imeneyi inali ndi masipuling'i awiri pa valavu iliyonse, ina m'kati mwa inzake, ndiponso anali okhala m'kadzenje. Zikhadabozo zinkangokanda yakunja. Chachiwiri chinali chitsulo chachitali chokola pa bawuti ya pahedi, chokanikiza ndi mphamvu ya mkono. Dalaivala anati chimenecho ndiye chachangu, anachionapo ku garaja, ndipo Che Saidi anavomereza kuti titenge chomwecho poti nthawi ikutha.

Kunena zoona mtima wanga unachifuna, chifukwa mphindi iliyonse ndinkaganiza za Melifa. Koma nditachigwira ndinaona kuti chimafuna dzanja limodzi likanikizebe nthawi yonse, nkhope ili pamwamba pa sipuling'i, ndipo ine ndi diso langali ndinkafunika manja onse awiri kuti ndipapase makoleti. Chikanaterereka kamodzi, makoleti akanatayika m'matope, kapena ine ndikanachoka pamenepo wosaona, ndipo palibe wina akanamaliza ntchitoyo.

Chachitatu chinali chachikulu, chopindika ngati chibwano, chadzimbiri, chomanga ndi sikulu yoyenda pang'onopang'ono. Mbali imodzi imagwira valavu kunsi kwa hedi, ina n'kukanikiza sipuling'i pamwamba, ndipo ukamanga chimagwira chokha. Ndinawauza kuti nditenga chimenecho. Dalaivala anang'ung'udza kuti tifika mawa, koma Che Saidi anamuletsa, nati asiye mwini ntchito asankhe.

Sikulu yake inali itauma, mpaka tinaithira parafini ndi oyilo. Itayamba kuyenda, vuto lina linaoneka: mlomo wa chopaniracho sunkafika pansi m'kadzenje muja. Ndinafufuza m'bokosi ndipo pansi penipeni ndinapeza kansalu kokulunga kapaipi kafupi, kobooledwa zenera m'mbali. Malemu aja anakadula okha ndi sowo, zizindikiro za tupa zinkaonekabe. Nditakaika pakati pa mlomo ndi sipuling'i, kanakwana ndendende.

Ndinayamba kupotokola. Sipuling'i inatsika mwakachetechete, popanda kumenya, popanda kudumpha, ndipo makoleti anaonekera pa kazenera kaja. Mayi Makawa anali atayala chitenje chawo pansi pa benchi, ndipo anachita bwino chifukwa koleti imodzi inandipulumuka n'kugwera pomwepo. Valavu yoyamba inatuluka, yachiwiri inatuluka. Ndikunola atsopano aja kuti akhale bwino m'malo mwake, anatulukira mkamwini wanga pa njinga, matope mpaka m'mawondo, kudzanena kuti ululu wakula ndipo anamwino akufunsa ngati galimoto itheke. Ndinamuuza kuti akanene kuti itheka, ngakhale ndinali ndisanadziwe. Mvula inayambanso, ndipo amuna anayi anatambasula pepala la pulasitiki pamwamba pa injini.

Kubwezera makoleti ndiye kunali kovuta. Kawiri konse ndinaona ngati ndafika pamalo pake, koma ndinali ndaphonya. Ndinapaka girisi kunsonga kwa sikuludiraiva, ndinamatapo koleti, ndinatsinzina n'kuilondolera ndi chala cha dzanja linalo mpaka ndinaimva ikukhala m'mphako yake. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti manja anga aleka kunjenjemera, ndipo sindidziwa kuti analeka nthawi yanji. Ndinamasula sikulu pang'onopang'ono, sipuling'i inakwera n'kugwira. Yachiwiri inavuta pang'ono kuposa yoyamba, koma nayonso inagwira.

Tinanyamula hedi, ndinaika gasiketi, ndinamanga mabawuti motsatana kuyambira pakati, mtima ukundiuza kuti ndifulumire koma ndikukana. Dzuwa likanaoneka bwenzi litapendeka pang'ono pamene ndinamaliza. Batire inali yofooka, choncho anthu onse, amayi omwe, anakankha pikapu ija kutsetsereko kwa kuchigayo. Ulendo woyamba inangotsokomola. Wachiwiri zii. Wachitatu inatulutsa utsi wakuda n'kulira, ndipo ndinamva Che Saidi akuthokoza Mulungu m'chinenero cha mapemphero awo.

Titafika pa chipatala chaching'ono chija tinamugoneka Melifa pa matiresi kumbuyo, anamwino ndi mayi ake ali pambali, titawafunditsa lona. Ine ndinakhala kumapazi kwake, khutu limodzi ku injini, lina kwa mwana wanga amene anali atasiya kukuwa n'kumangobuula. Padambo lina matayala anazungulira pamodzimodzi, tinatsika n'kukankha, ndipo inatuluka. Titafika ku mishoni anamutenga msangamsanga, chitseko n'kutsekedwa. Ndinakhala pakhonde ndi Esinati, manja anga ali bii ndi oyilo. Chakumadzulo asisitere anatuluka n'kutiuza kuti mayi ali moyo, mwana wamkazi alinso moyo, ndipo tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Esinati anakhala pansi pasimenti n'kuyamba kulira. Ine ndinagwira mzati.

Abale anga, diso langa silinabwerere. Ndinalipempherera nthawi yaitali, ndipo Mulungu sanandiyankhe momwe ndinkafunira. Anandiyankha ndi mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa, ndi Msilamu woleza mtima, ndi kapaipi kamene munthu wina anadula zaka zambiri ine ndisanadziwe kuti ndidzakafuna. Ndinabwerera ku ntchito, ndipo nditapeza mpata ndinapita ku Limbe ndi hedi yakale m'thumba, kuyesa chopanira chilichonse m'masitolo mpaka ndinapeza chogwira chokha ndi chofika pansi. Amakaniko anzanga, musagule chifukwa choti n'chachangu kapena chowala. Yang'anani injini imene muli nayo, ndipo yang'ananinso thupi limene muli nalo.

Inu amene muli m'mayesero lero, kaya ndi matenda, kaya ndi mantha amene simuuza munthu, musaleke kupemphera ngakhale pemphero lanu litakhala lalifupi ndi losalongosoka. Mukadzuka pogwadapo musanamve kusintha, pitanibe kumene ntchito ikukudikirani. Ine ndinadzuka m'matope muja ndikunjenjemera, osadziwa kuti thandizo lili kale pakhonde.

Ndikuthokoza Mulungu Atate amene anasunga Melifa ndi mdzukulu wanga. Pa tsiku la ubatizo wake anandipatsa kuti ndimunyamule potuluka m'tchalitchi, ndipo ndinatsika naye masitepe onse osapunthwa. Ambuye akusungeni nonse. Amen.