Atuluke Ndani, Fodya Kapena Mwini Fodya?

Tsiku limene akamwini anga a Yonasi anabwerako kuchipatala kwa Kabudula, chifuwa chikulira ngati mluzu, mkazi wawo Rozaria, mwana wanga, sanakhale n'pansi pomwe: analowa m'chipinda momwe anaunjikamo fodya yense wa chaka chino kuopa akuba, n'kutulukamo ndi mphasa. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, nditatchera khutu, poti chifuwa, ana inu, sachiseweretsa.

"Amake Zione, mphasa yanga ikupita kuti?"

"Kunja."

"Yalakwanji?"

"Sinalakwe. Adokotala anati musagone m'chipinda muli fodya, fumbi lake ndi limene likukupwetekani. M'chipindamu muli fodya."

"Ndiye mukutulutsa ine?"

"Anatchula inu. Fodya sanamuyeze."

A Yonasi anagwira m'chiuno. "Ine sindikudwala. Ndi kachifuwa ka mu Juni aka, ka aliyense."

"Ka aliyense kali ndi dzina lachizungu? Anati bulonkaitisi. Timapaipi ta mpweya tatupa, tadzaza makhololo."

"Koma anati si TB, eti?"

"Anatero."

"Basitu, ndili bwino."

"Anati si TB. Sanati muli bwino."

Apa kunabwera kho! kho! kho! mpaka nkhuku zinabalalika. Chifuwa chotere ndi chimene chinatenga achimwene anga, nawonso ankati n'kakang'ono.

"Fodya ameneyu ndamulera kuchokera ku nazale," anatero a Yonasi akupukuta misozi. "Watsala kudinda m'mabelo basi, apite ku okushoni. Ndimusiye agone yekha? Mwaiwala kuti kwa a Januario anaboola khoma?"

"Sagona yekha. Ndigona naye ine."

"Inu? Inu amene bingu silikudzutsani?"

"Inuyo mumadzutsa mudzi wonse ndi kutsokomola."

"Ehee! Ulonda wake ndi umenewo! Wakuba akamva kho kho amadziwa kuti mwini ali maso."

"Adokotala sanakulembeni ulonda. Anakulemberani mapilisi. Imwani awa."

"Ndinamwa dzulo a kugolosale."

"Anati a kugolosale musiye, muzimwa awa mpaka athe. Yasamulani."

Anameza, nkhope itakwinyika ngati tsamba la fodya wawo yemweyo.

"Chabwino. Ikani mphasayo m'khitchini, pafupi ndi khomo, ndizimva zochitika."

"Utsi. Anati utsi ayi."

"Musasonkhe moto."

"Nanga madzi ofunda a uchi ndi mandimu aja anati muzimwa pafupipafupi ndiwatenthetsa ndi chiyani? Dzuwa?"

"Ndiye pakhonde."

"Chisanu. Anati muzifunda."

"M'chigafa!"

"Momwe munaumira fodyayo? Mukufuna ndikakusiyeni kwa amake a fumbi?"

"Aaa! Ndiye munthu ndigone m'mwamba ngati mleme?"

Rozaria anayang'ana mtengo wa mango, n'kuganiza ndithu. "Za m'mwamba sananene."

"Amake Zione, tamverani. Azungu asanabwere ndi mapilisi awo, anthu ankachira ndi masamba. Thyolani bulugama, muwiritse, ndifukize. Ndikatuluka thukuta, mphasa ibwerera m'malo mwake."

"Bulugama ali kale pamoto. Ndinawafunsa. Anati nthunzi imafewetsa makhololo, palibe choletsa."

"Mwaona! Ngakhale adokotala akugwirizana nane."

"Anati imafewetsa. Sanati imachotsa fumbi m'chipinda. Khalani pampandopo."

Anabweretsa mphika ukufuka, n'kuuika pansi, n'kuwafunditsa bulangete mutu wonse. Ana inu, mphika wotere musamauyandikire, ukagubuduka khungu limatsalira pomwepo. Mawu a akamwini anayamba kumveka ngati akuchokera m'chitsime.

"Kwatentha muno!"

"Pumani. Anati mpaka nthunzi ithe."

"Ndikupsa!"

"Kwezani mutu pang'ono, koma musatuluke. Ine ndapeza kokagona inu."

"Kuti?"

"Kopanda utsi, kopanda fodya, chitseko cholimba, pansi pozira bwino."

"Kutiko, mayi?"

"Kwa amayi."

Bulangete linaima chilili.

"Amayi ake ndani?"

"Anga. Apongozi anu."

Ine chitsononkho cha chimanga chimene ndinkatonola chinagwa m'manja. Mkamwini kugona m'nyumba ya apongozi! Munthu amene tikakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire!

"Amake Zione, mutu wanu uli bwino?" linatero bulangete. "Ine? Ndizikatsokomola m'nyumba mwa apongozi? Ndizikalavula makhololo iwo akumva?"

"Ndikupatsani kachitini."

"Sindikunena za kachitini! Ndikunena za ulemu! Anthu kuchitsime adzati chiyani? Amayi a Mvano kutchalitchi adzati chiyani?"

"Adokotala za ulemu sanatchule. Anati utsi, fumbi, chisanu. Anati mukapitiriza kugona ndi fodya mudzabwerera pa ngolo, mukubanika, akakugonekeni."

"Adokotalawo ali ndi apongozi?"

"Sindinawafunse. Ndikafunse?"

"Ayi!"

"Ndiye ndinyamule mphasa. Amayi asunthira kuchipinda, inu pabalaza. Usiku akamatuluka azikudumphani bwinobwino."

"Azindidumpha! Mayo ine!" Kho! kho! kho! "Ikani mphasayo pansi!"

"Nanga mugona kuti?"

Nthunzi yokha ndiyo inkatuluka m'mbali mwa bulangete.

"Chitseko cha apongozi mwati n'cholimba?"

"Cha mlombwa. Ndi mpiringidzo."

"Ndiye kupite fodya."

"Fodya?"

"Fodya alibe apongozi. Akagone kumeneko, ine ndigone m'nyumba mwanga."

"Koma adokotala anati inu muchoke pa fodya. Sanati fodya achoke pa inu."

"Ndi chimodzimodzi!"

"Mukutsimikiza? Paja m'mawa munati fodya ameneyu adzatuluka m'chipindamo inu mutafa."

"Ndasintha! Atuluke lero, dzuwa lisanalowe! Mukolope, mutsegule mawindo, fumbi lonse lichoke. Ndikukupemphani, mayi, tulutsani fodyayo!"

Ine kuseri kuja ndinayamba kale kuwerengera akuba amene adzandipeze m'nyumba ndekha ndi chuma cha eni. Koma bola akuba, amathawa ukakuwa, chifuwa sichithawa.

Rozaria anamanga chitenje m'chiuno, n'kuvundukula bulangete. Akamwini anatulukamo atanyowa ngati mwanapiye wogwera mumtsuko.

"Chabwino, bambo a Zione. Mitoloyo ndi yambiri, ndekha sindimaliza. Dzukani, inu mugwire kutsogolo, ine kumbuyo."

"Ndani? Ine?"

"Eee. Paja mwanena nokha kuti simukudwala, ndi kachifuwa ka aliyense."

A Yonasi anayang'ana chitseko cha chipinda, anayang'ana njira yonse yopita kwanga, kenako anakoka bulangete n'kudzifunditsanso mpaka kumapazi.

"Mayi inu, mukufuna kundipha? Simunawamve adokotala? Ine ndili ndi bulonkaitisi!"