Mwala wa kumtunda kwa khitchini yathu

Abusa, akulu ampingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Mundikhululukire, ndalemba papepala, chifukwa ndikaima pamaso pa anthu mawu amandithawa. Ndikufuna kuchitira umboni.

Ife timakhala kumapeto kwa Boma, m'tsinde mwa phiri, nyumba yomaliza musanayambe kukwera. Kumtunda kwa khitchini yathu kunali mwala waukulu kuposa khitchiniyo. Tinauzolowera. Mbuzi zinkausa pamthunzi pake. Pansi pake panali mng'alu wopapatiza, wongolowa chikhatho changa. M'menemo ndinkabisamo kope lomwe ndimalembamo za mumtima, nditalikulunga m'jumbo, kuti achemwali anga asamawerenge.

M'chilimwe abambo anaumba njerwa zoti awonjezere chipinda. Dothi labwino linali m'munsi mwenimweni mwa mwalawo. Anakumba, anakumba. Kwathu kuja aliyense amatero, palibe amene anaona cholakwika.

Mvula itagwa sabata yathunthu, ndinapita kukatenga kope langa. Abale anga, dzanja linalowa mpaka m'chigongono. Mawa lake linalowa mpaka paphewa. Ndinalemba m'kopemo kuti, "Mwala ukusuntha." Ndinalemba, koma sindinauze munthu. Ndinkaopa kufunsidwa kuti, "Umakatani kumeneko?" Ndinkaopanso kuti abambo aona ngati ndikuwaloza chala. Masiku atatu ndinakhala chete. Atatu!

Loweruka masana dzuwa linawala. Amayi anayala mkeka kuseri kwa khitchini, pamthunzi wa mwalawo, n'kugonekapo mng'ono wanga Tadala, wa miyezi isanu ndi iwiri. Iwo anapita kukachapa pakhonde. Ine ndinazembera kumwala kuja. Ndisanapise dzanja, ndinamva timiyala tikugwa tokha, dothi likuyoyoka, popanda mphepo, popanda mbuzi.

Mumandidziwa inu, ngakhale kukwaya amandiuza kuti ndizikweza mawu. Tsiku limenelo ndinakuwa. "Amayi! Mwana! Chotsani mwana!"

Amayi anasuzumira, thovu lili m'manja. "Iwe, waona njoka kodi? Undidzutsira mwana, wangogona kumene!"

Ndinatsetsereka chokhala pamatope, ndinamutola Tadala osadziwa kuti ndamugwira pati, ndinathamanga. Nditangofika pamtengo wa mapeyala ndinamva chiphokoso, nthaka n'kugwedezeka pansi pa mapazi anga. Ndikucheuka, khitchini kulibe. Kulibe, abale! Pomwe panali mwana pali mwala. Nsonga ya mkeka ikuonekera pansi pake mpaka lero, wofuna akaone.

Amayi anakhala pansi m'matope. Ankangomugwira Tadala miyendo, manja, mutu, n'kuyambiranso miyendo. Anthu anathamangira kwathu. Mayi wina anati, "Mtsikana uyu Mulungu anamuonetsa masomphenya." Nkhaniyo yafala, ena mwa inu munaimva. Abusa, si zoona, ndipo n'chifukwa chake ndaima pano. Sindinaone masomphenya ine. Ndinadziwa kwa masiku atatu, n'kubisa chifukwa cha manyazi. Manyazi anga akanapha mwana.

Abambo atabwerako kumsika ndinagwada n'kuwauza zonse. Anayang'ana dzenje lomwe anakumba lija nthawi yaitali. Ndinkadikira kukalipiridwa. Iwo anangoti, "Anakumba ndine. Dzuka mwananga, mawondo akuda." Lolemba anayenda nyumba ndi nyumba m'tsinde monse muja, kuuza anzawo kuti asiye kukumba pansi pa miyala. Ena amvera, ena akuti mwala wawo ndi wolimba. Muwapempherere.

Mpaka pano ndikamva chitseko chikumenyetsedwa ndimadzidzimuka. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anatsegula pakamwa panga, pomwe ine ndinapatseka ndekha. Zikomo Ambuye, zikomo.

Amayi, imirirani chonde, mumasule mwanayo anthu amuone. Ndi ameneyo, abale. Alibe ndi bala lomwe. Kondwerani nane, muimbire Mulungu m'manja, ine mawu andithera. Amen.