Ndinanamiza Dokotala Kuti Atate Asachite Manyazi

Aulutsi, ndiwerengereniko kalatayi, mwina mtima wanga ungatsike. Ndine mayi wa ku Kabwata. Atate anga anayendetsa mabasi moyo wawo wonse, koma tsopano ali ndi matenda oiwala.

Titapita kuchipatala, dokotala anafuna kuona ngati angapitirize kuyendetsa motoka. Anawapima maso, anawauza kuti atembenuze khosi uku ndi uku, kenako anawapatsa pepala kuti ajambule wotchi yoloza teni koloko. Manambala onse anawaunjika mbali imodzi. Dokotala anatembenukira kwa ine: "Mayi, anasocherapo pamsewu? Anagundapo chinthu?"

Atate anandiyang'ana. Ine ndinaleredwa kuti mwana saulula zofooka za kholo pamaso pa mlendo. Ndinati, "Iyayi, ba dokota, amayendetsa bwino." Chonsecho geti lathu anali ataligunda kawiri. Dokotala anati ayambe asiya kuyendetsa mpaka akayesedwe pamsewu, koma ine ndinachita mantha kuwalanda makiyi.

Lamlungu ananyamuka kupita kutchalitchi ku Libala. Sanafike. Tinawapeza ku siteshoni ya mabasi ya Intercity, nyale ya motoka itasweka, akufunsa basi yawo ya ku Chipata. Panjira anali atagunda mtsikana wogulitsa nthochi, amene tsopano ali m'chipatala, mwendo wothyoka. Atate sakumbukira chilichonse. M'mawa uliwonse amandigwira dzanja: "Mwanawe, makiyi anga ali kuti?"

Ndiwayankhe chiyani? Nanga mayi wa mtsikanayo ndikawayang'ana bwanji kumaso? Anzanga, dokotala akakufunsani, nenani zoona. Ine ndinawasungira ulemu atate, koma mwendo umene unathyoka ndi wa mwana wa eni.